Khansa ya impso ikafika pa fupa la pachifuwa: kudula kapena kuwotcha?

Khansa ya impso ikafalikira ku fupa lapakati pa chifuwa, madokotala amayang'ana njira ziwiri.

Opaleshoni imachotsa gawo la fupalo pamodzi ndi mbali za nthiti zolumikizika nalo. Chotupa chochokera ku impso chimakhala ndi mitsempha yambiri ya magazi, choncho kawirikawiri amayamba atseka mitsemphayo kuti wodwala asataye magazi ochuluka. Akadula pamatsala mpata pamwamba pa mtima ndi mapapo, ndiye amautseka ndi kaukonde, simenti ya mafupa kapena timizati ta chitsulo cha titanium, kenako n'kuphimba ndi mnofu. Ndi ntchito yaikulu ndithu, ndipo bala likhoza kugwidwa ndi majeremusi. Koma ngati chotupa chili chokhachokha ndipo munthu akadali ndi mphamvu, ine ndingakondere njira imeneyi, chifukwa ikhoza kuchizula chonse.

Kuwotcha ndi radiation, cheza champhamvu chopha maselo a khansa, sikufuna mpeni. Vuto n'lakuti khansa ya impso imakanika ku radiation wamba, ngakhale ululu umachepa. Njira ya radiation yotchedwa SBRT, yolunjika mphamvu zambiri pamalo amodzi, imachita bwinoko.

Matenda akamwazikira malo ambiri, kudula fupa limodzi sikuthandiza kwenikweni. Apo chithandizo chachikulu chimakhala mankhwala monga sunitinib, cabozantinib kapena nivolumab.