Denarius ya Domitian yokhala ndi Minerva: nyenyezi 4 pa 5

Ndalamayi ndinaitanitsa kwa wogulitsa wina wa pa intaneti kuno ku Britain, ndipo ndakhala nayo mwezi wathunthu. Ndi denarius, ndalama ya siliva ya Aroma akale, ya mfumu Domitian, yemwe analamulira Roma kuyambira chaka cha 81 mpaka 96. Pa chithunzi imaoneka ngati mbale, koma ikafika m'manja ndi kachinthu ka mamilimita 19 basi. Pa sikelo inalemera magalamu 3.2, ndipo maginito sanaigwire, monga zimayenera kukhalira ndi siliva, choncho mtima unakhala pansi.

Chimene chinandikopa ndi cha kuseri. Domitian ankakonda Minerva, mulungu wamkazi wa nzeru ndi nkhondo, kuposa milungu ina yonse, moti ndalama zake zambiri za siliva zimamuonetsa iyeyu. Pa yangayi waima pamphuno ya ngalawa, mkondo m'mwamba, chishango kumanzere, ndipo pamapazi pake pali kadzidzi. Kadzidziyo ndi wochepa ngati njere ya mapira, koma ndi galasi lokuzira amaoneka bwinobwino. Mayi akunyumba atamuona anangoti, "Bambo a ana, ndalama zonse zija mwagulira kadzidzi woti tizigona naye m'nyumba?" Ndinayesa kufotokoza kuti Aroma anatengera kwa Agiriki, amene ankati imeneyi ndi mbalame ya Athena, mulungu wawo wamkazi wofanana ndi Minerva, koma sanakhutire.

Kumaso kwa ndalamayi zilembo zikuwerengeka: IMP CAES DOMIT AVG GERM. Mawu omalizawo ndi chidule cha Germanicus, dzina laulemu limene Domitian anadzipatsa atamenyana ndi mtundu wa a Chatti ku Germany m'chaka cha 83.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha tsaya la mfumu. Wina anaikwecha ndalamayi kuti iwale, ngati akutsuka poto ndi mchenga, ndipo anasiya timizere tambirimbiri timene pa chithunzi sitinkaoneka. Siliva wakale amakoma ndi kuda kwake komwe. Komanso munalibe kapepala konena kumene inachokera, chinthu chofunika kwambiri pa msika umene zachinyengo zili mbwee. Nditadandaula, wogulitsayo anayankha tsiku lomwelo, anapepesa, nkundibwezera kangachepe, koma za kapepalako anangoti anaigula m'gulu la ndalama zina.

Ndidzagulanso kwa iye, koma ndidzayamba ndapempha chithunzi chojambulidwa chapambali, dzuwa likuwomba, timizere tisabisale. Pakali pano Minerva ndi kadzidzi wake akugona m'kabati ya ku chipinda cha alendo, mwa lamulo la mayi.