Malgas kapena Witsand: nyumba ya m'mbali mwa Breede mukaipeze kuti?

Gulu lathu ndi la mabanja anayi a kuno ku Cape Town. Timasonkherana ndalama mwezi ndi mwezi kuti kamodzi pa chaka nafenso tikagone m'nyumba zija ena a ife timangozikolopa ndi kuzitchetchera kapinga. Kawiri konse tapita ku mtsinje wa Breede, ulendo woyamba ku Malgas, wachiwiri ku Witsand. Pa intaneti nyumba za mbali zonse ziwiri zimalembedwa chimodzimodzi, kuti "m'mbali mwa mtsinje", ndipo zithunzi zake zimakoka mtima mofanana. Mukafika ndi pamene mumazindikira kuti mtsinje ndi umodzi koma malowa ndi osiyana kutalitali.

Witsand ili pamathiriro, pomwe Breede akulowa m'nyanja ya Indian, mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Cape Town. Mumadzera msewu wa N2, ndipo mukakhotera pa Heidelberg tala amakufikitsani. Yagundizana ndi kamudzi kakale ka Port Beaufort, komwe kuli tchalitchi chofolera ndi udzu chomwe banja la Barry linamanga mu 1849. Banja limeneli, lotsogozedwa ndi Joseph Barry wa ku Swellendam, ndilo linkayendetsa malonda onse a dera lino. Sitima yawo ya nthunzi, Kadie, inkanyamula ubweya wa nkhosa ndi tirigu kupita ku Cape Town mpaka inasweka pamathiriro pomwepa mu 1865. Malgas ndiye linali doko lawo la kumtunda, komwe sitimayo inkafika ikalowa mumtsinje. Lero ndi kamudzi ka zii, ka nyumba zomwazikana m'mphepete mwa madzi, ndipo kuti mukafikeko mudya fumbi ndithu.

Ndiyambe ndi madzi, chifukwa ndi amene mukulipirira. Ku Malgas nyumba zambiri zapamwamba zili ndi kapinga wotsetsereka mpaka pamtsinje ndi jeti yakeyake, kadoko ka matabwa komangirirapo bwato. Yathu inali choncho. M'mawa ndinkatuluka ndi kapu ya tiyi, masitepe makumi awiri okha ndafika pamatabwa, nkhungu ili phaa pamadzi, mbalame zikusokosera m'bango. Ana ankadumphira m'madzi kuchokera pa jetiyo tsiku lonse, madzi ake ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, odekha, ofundirako m'chilimwe. Ku Witsand "m'mbali mwa mtsinje" kawirikawiri ndiye kuti nyumba ili pamtunda, mtsinje mukuuonera pakhonde, ndipo kuti muukhudze mutsike masitepe kapena muoloke kamsewu. Maonekedwe ake ndi osasimbika, mchenga woyera, madzi otambalala, nyanja chapatali. Koma pamathiriro madzi amathamanga, makamaka akamabwerera kunyanja, ndipo si posiya mwana yekha ayi.

Ife a ku Shire tinazolowera kuti mtsinje umadzaza dzinja, n'kuphwa chilimwe. Breede wakumunsi amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku potsatira nyanja, ndipo mphamvu imeneyi imafika mpaka ku Malgas. Mlamu wanga anamangirira kabwato madzulo ndi chingwe chachifupi, m'mawa tinakapeza kali lende, mphuno m'mwamba. Choncho musanalipire, mufunseni mwini nyumba ngati jeti yake ndi yoyandama, komanso ngati madzi akaphwa pamatsala madzi kapena thope. Chithunzi cha pa Airbnb chimajambulidwa madzi atadzaza, palibe wojambula thope.

Funso loyamba la azimayi athu linali la ng'ona ndi mvuu. Kunoko si kwawo. Chomwe chilipo ndi shaki, nsomba yolusa ija. Mu 2009 ofufuza anagwira mumtsinje muno shaki yaikazi ya mtundu umene kuno amautcha Zambezi, yotalika pafupifupi mamita 4, n'kuipatsa dzina loti Nyami Nyami, dzina lomwe anzathu a ku Kariba amalidziwa bwino. Eni dera amasambabe. Ife tinasambanso, kungoti apongozi anga aakazi atamva nkhaniyi anathera sabata yonse pampando, ngakhale chala chokha osaviika.

Pa nkhani ya nyengo ndiye mbali ziwirizi zimasinthana ufumu. M'chilimwe, kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imaomba gombe lonse lino, ndipo ku Witsand imatha kukuthamangitsani pakhonde masana, makala ootchera nyama n'kumauluka. Okonda kuuluzidwa ndi kaiti pamadzi amasangalala nayo, koma amene mwabwera kudzakhala pansi n'kumacheza mudzadandaula. Malgas ndi kobisikako, mphepo imafika itatopa. Koma kuyambira Juni mpaka Novembala anamgumi amabwera kudzaswana m'gombe la San Sebastian, pamaso penipeni pa Witsand. Tinapita mu Seputembala, ndipo m'mawa wina tinaona mayi ndi mwana wake akugudubuzika kuseri kwa mafunde, mpweya ukutuluka ngati utsi wa mbaula. Zimenezo ku Malgas simungazione, ndipo m'nyengo yozizira jeti ija mumangoiyang'ana. Mukapita nthawi imeneyo, nyumba yopanda malo osonkhapo moto m'kati musaitenge, ikongole bwanji.

Zogula: ku Witsand kuli timagolosale ndi malo odyera angapo, mukaiwala mchere simulira. Ku Malgas gulani zonse ku Swellendam musanakhote, ufa wa nsima womwe, chifukwa kubwerera ndi ulendo. Foni nayo imagwira mwa apo ndi apo.

Pali zinthu zingapo zomwe mawu oti nyumba yapamwamba sakuuzani, mbali zonse ziwiri. Nyumba zambiri za m'mphepete muno zimadalira madzi a mvula a m'mathanki. Ina mwa nyumba zomwe tinagonamo inali ndi bafa lokwana anthu atatu, koma tsiku lachinayi mpope unangoti fyoo, mwini wake pa foni n'kumatiuza kuti tasamba mowononga. Funsani za madzi akumwa, funsani ngati kuli sola kapena inveta magetsi akazima, funsani kuti dipoziti ya zowonongeka imabwezedwa liti, ndipo yankho likhale lolembedwa. Funsaninso ngati bwato la pachithunzi lili mumtengo womwewo. Makayaki, timabwato topalasa tija, eni ambiri amapereka, koma bwato la injini limafuna chilolezo cha pamtsinje ndi woyendetsa wa mapepala, ndipo kuwedza nsomba za kob kapena grunter kumafunanso chiphaso chake. Mu Disembala eni ambiri salola masiku awiri kapena atatu, amafuna sabata yathunthu kapena kuposa, mtengo utakweranso.

Ena adzakuuzani za Infanta, tsidya lina la mathiriro. Pamapu ikuoneka ngati mungaponye mwala kuchokera ku Witsand, koma palibe mlatho. Pagalimoto muzungulire ku Malgas, mukaoloke pa pantoni, yomwe imayenda masana okha. Pantoni imeneyi kwa zaka zoposa 100 ankaikoka ndi anthu, amuna atakoleka malamba pachingwe n'kumayenda chokoka, mpaka pomwe anabweretsa ya injini. Infanta ndi ya anthu ofuna kubisala, oyandikira nkhalango ya De Hoop, odziwa kusintha tayala.

Ine ndalama yanga ndiika pa Malgas. Tikamasonkha chaka chonse timafuna kuti ana atope ndi madzi, akulu tikhale pansi pa mtengo nyama ikupsa, osati kuonera mtsinje pawindo ngati TV. Akazi anga akuti ayi, iwo anamgumi aja sanawaiwale, komanso galimoto yathu ya matayala ang'onoang'ono inabwerako ku Malgas ikulira paliponse. Msonkhano wa gulu uliko Loweruka, ndipo msungichuma wathu ndi iwowo.