Kamita koyezera netiweki: ndakayesa miyezi iwiri

Ine ntchito yanga ndi yoika ma eriyo ndi ma rauta a 4G m'nyumba za anthu, ndiye kwa zaka zambiri ndimangodalira timizere ta pa foni tija, ndikaona tinayi basi ndati pano ndiye pabwino, nkukhoma. Koma timizere tija kampani iliyonse ya mafoni imatiwerengera mwa njira yakeyake, mafoni awiri patebulo limodzi ina titatu ina tinayi, ukhulupirire iti? Nchifukwa chake ndinagula kamita kam'manja aka.

Kamakupatsa nambala yeniyeni ya RSRP, mphamvu ya siginolo yomwe ikufika kuchokera pa nsanja ya netiweki. Ikakhala cha m'ma -80 dBm muli pabwino, -100 yayamba kufooka, ikadutsa -110 yembekezani kudukaduka. Ndi manambala a minus awa, ndiye -85 ikuposa -105, ambiri amasokoneza pamenepa. Ndipo kusiyana kwa 3 dB kokha ndiye kuti mphamvu yawirikiza kawiri, osamakudelera.

Koma chomwe chandigwira mtima ndi SINR, nambala yosonyeza kuyera kwa siginolo poyerekeza ndi zoisokoneza, ikakwera ndiye bwino. Nyumba ina RSRP inali -88, yabwinobwino ndithu, koma eni ake akudandaula kuti vidiyo imangozungulira osatsegula, nditayang'ana SINR ili pa 2 basi, ma PCI awiri (manambala ozindikiritsa cell, gawo la nsanja loulutsa siginolo) akusinthanasinthana pa sikirini kusonyeza kuti ma cell awiri akulimbirana pamalo omwewo. Ndinatembenuza eriyo pang'ono kuti ifulatire nsanja inayo, RSRP inatsika kufika -94 koma SINR inakwera mpaka 14, vidiyo nkuyamba kuyenda. Ndikanatsatira timizere ndikanaisiya pomwe inali paja, ndipo mawa lake akanandiimbiranso.

Kamaonanso makampani onse a netiweki nthawi imodzi osasintha simu khadi, ndi band (gulu la ma frequency) yomwe aliyense akuulutsira. Apa mpomwe ndinaona ndi maso kuti Band 20 ya 800 MHz imalowa m'makoma bwino pomwe Band 7 ya 2600 MHz ukangolowa chipinda chamkati yathawa. Zomwe wayeza umazitulutsa mu fayilo ya mapu ya KML nkuziona pa Google Earth, kasitomala ukamuonetsa mapu amenewo satsutsa.

Zondinyansa zilipo. Sikirini padzuwa sioneka, uli padenga dzanja lina wagwira eriyo lina ukuphimba kamita, zoopsa ndithu. Batire ukamasikana mosalekeza GPS ili yoyatsa silifika madzulo, ndimayenda ndi power bank. Komanso sikayeza liwiro la intaneti, nsanja itha kukhala ndi siginolo yoyera koma yodzaza anthu usiku, ndiye speed test ya pa foni ndimapangabe.

Ngati mukungofuna kudziwa windo loikapo rauta kunyumba kwanu musagule, pa iPhone imbani *3001#12345#* muona RSRP yomweyo, pa Android ma app aulere alipo. Koma anzanga okwera madenga tsiku ndi tsiku, kaguleni, ine sindikweranso makwerero popanda kamitaka m'thumba.