Nsonga za mivi yosakira: zokhazikika kapena zotseguka?

Ife amene timaponya mivi kuno ku Blantyre tilipo ochepa, ndipo ambiri a ife timatha chaka tikulasa chandamale kuseri kwa nyumba, kudikira miyezi yozizira ya June ndi July kuti tiyambe ulendo wa ku mafamu a nyama a ku Limpopo, m'dziko la South Africa, kumene kusaka ndi uta n'kololedwa. Kwathu kuno lamulo loteteza nyama zakutchire, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 m'ndende kwa wopha nyama zotetezedwa kwambiri, choncho nyama za ku Majete, ku Lengwe kapena za m'phiri la Michiru si zoyeserapo muvi. Zimene ndikulemba pano ndi za munthu amene akukasaka kumalo ololedwa, chilolezo chili m'manja, ndipo wafika posankha chitsulo choti amange kutsogolo kwa muvi wake, chija m'masitolo amachitcha broadhead.

Mitundu ikuluikulu imene imalimbirana malo m'phodo la mlenje ndi iwiri. Woyamba ndi nsonga zokhazikika, zimene amalonda amazilemba kuti fixed blade, ndipo timipeni take timakhala potero nthawi zonse, monga inalili mivi yosula ya makolo athu. Wachiwiri ndi nsonga zotseguka, zotchedwa mechanical, zimene timipeni take timakhala topindika muvi ukamauluka, n'kutambasuka pokhapokha nsonga ikagunda chikopa cha nyama.

Ndiyambe ndi kuyamikira nsonga zotseguka, chifukwa ubwino wake ndi weniweni ndipo ine ndinazigwiritsa ntchito kwa zaka zingapo. Popeza timipeni timakhala tobisika, mphepo siipeza pogwira, motero muvi umapita pafupifupi pamalo omwewo pamene umapita ukakhala ndi nsonga yophunzirira. Kwa munthu wa uta wa mawilo wothamangitsa muvi kwambiri, umenewu ndi mpumulo waukulu. Chachiwiri ndi kukula kwa bala. Nsonga ya Rage yodziwika kwambiri imatseguka mainchi 2, omwe ndi pafupifupi masentimita 5, pamene nsonga zokhazikika zambiri zimangopitirira pang'ono inchi imodzi, pafupifupi masentimita 3. Bala lalikulu chotero likakhala pa nthiti za nswala, magazi amatayika ochuluka, nyama siipita patali, ndipo wolondola savutika kutsata madontho pa udzu wouma. Ngakhale pakati pa nsonga zotsegukazi pali kusiyana koyenera kukudziwa. Za mtundu wa Spitfire ya kampani ya NAP timipeni take timagudubukira m'mbuyo kuchokera kutsogolo, pamene za mtundu wa Rage timatsetsereka n'kutulukira chakumbuyo. Zoyambazo, muvi ukagunda nyama chopendekera, kampeni kamodzi kamatha kuyamba kukhudza chikopa n'kupatutsa muvi wonse, ndipo n'chifukwa chake ndikanati ndibwerere ku nsonga zotseguka ndikanasankha zotulukira kumbuyo.

Vuto ndi lakuti kutsegula timipeni kumadya mphamvu ya muvi, ndipo kukankha mpeni wa mainchi 2 m'thupi la nyama kumadya mphamvu yoposa pamenepo. Mphamvu imeneyi ndi imene ikanathandiza muvi kuboola mpaka kutulukira mbali inayo. Komanso chilichonse chokhala ndi polumikizira chili ndi pothyokera: kamsomali kogwira mpeni, kalabala kapena kapulasitiki komanga timipeni, zonsezi zimatha kulephera pa fupa, ndipo nthawi zina zimatseguka muvi usanafike, makamaka ukadutsa pa kaukonde kamene amatchinga nako pawindo la kanyumba kobisaliramo.

Pano ndi pamene malangizo ambiri a pa intaneti amatisocheretsa. Ochuluka amene amalemba za nsonga za mivi ndi alenje a ku America, ndipo nyama imene ili m'maganizo mwawo ndi whitetail, nyama ya kumeneko yooneka ngati nswala, ya chikopa chopyapyala, imene mapapo ake amafika kumbuyo ndithu kwa phewa. Nyama za kuno ku Africa Mulungu anaziumba mwa mtundu wina. Mtima ndi mapapo a ngoma, nyumbu kapena mbidzi zimakhala kutsogolo kwambiri ndiponso chakumunsi, pakati pa mapewa penipeni, moti amene walasa kumbuyo kwa phewa monga amaphunzitsira a ku America nthawi zambiri amapezeka kuti walasa chifu. Mlenje aliyense wotsogolera alendo ku Limpopo adzakuuzani kuti mutsate mwendo wakutsogolo kukwera m'mwamba, mulase pafupifupi pa gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi kuchokera kumunsi. Malo amenewo azunguliridwa ndi mafupa. Nyama ikangosuntha pang'ono pakumva kulira kwa nsinga, muvi umakumana ndi fupa la phewa kapena la mwendo, ndipo funso silikhalanso la kukula kwa bala, koma lakuti kaya nsongayo ipitirira kapena iima pomwepo.

Zimenezi ndinaziphunzira mowawa pa njiri. Inafika padziwe chakumasana, pa mtunda wosapitirira mamita 20, ndipo uta wanga unali wa mapaundi 60 (muyeso wa mphamvu yofunika pokoka nsinga), muvi wopepuka, kutsogolo kwake kuli nsonga yotseguka ya mainchi 2. Njiri inatembenuka pang'ono pamene ndinkasiya nsinga, muvi n'kugunda phewa. Ndinauona ndi maso anga ukugwedezeka kunja kwa thupi, utangolowa pang'ono, njiri ikuthawa nawo. Tinalondola mpaka mdima, m'mawa mwake tinayambiranso, koma tinangopeza muvi uli pansi, kampeni kamodzi katathyoka, magazi atatha. Pa mafamu amenewa nyama yovulazidwa imalipiridwa ngati yophedwa, ndipo ndinalipira, koma chimene chimandipwetekabe mumtima ndi chakuti ndinasiya cholengedwa chikuvutika m'tchire chifukwa cha chitsulo chimene ndinasankha ndekha.

Nditabwerera ku Blantyre ndinayamba kuwerenga za kafukufuku wa Dr Ed Ashby wa ku America, amene anayamba kuyesa mivi pa nyama za ku Natal m'zaka za m'ma 1980, n'kupitiriza kwa zaka zambiri pa nyama zikuluzikulu monga njati. Mfundo imene iye amaika patsogolo pa zonse ndi kulimba kwa muvi wonse, kuyambira kunsonga mpaka kumbuyo, chifukwa muvi umene wapindika kapena kuthyoka pa fupa ulibenso ntchito. Anapezanso kuti mivi yolemera kuyambira magrain 650, omwe ndi magalamu pafupifupi 42, ndi imene imaswa mafupa akuluakulu modalirika, ndiponso kuti nsonga ya mipeni iwiri, yaitali ndi yopapatiza, imaloŵa mozama kuposa yaifupi ndi yotakata. Si onse amavomereza chilichonse chimene iye amanena, ndipo kwa nswala kapena gwape muvi wolemera chotero ndi wopyola muyeso, koma kumene maganizo ake akuloza kukugwirizana ndi zimene ndinaona pa njiri ija.

Nsonga zokhazikika nazonso si zamtundu umodzi, ndipo kwa ife a kuno kusiyana kwake kuli ndi tanthauzo lalikulu. Zilipo zosinthira timipeni, monga Muzzy, imene ili ndi mutu wolimba wonga tchizulo wothyolera fupa, ndi Slick Trick, yaifupi ya timipeni tinayi, imene imauluka bwino ngakhale pa uta wothamanga. Izi zimachoka m'paketi zili zakuthwa kale, ndipo kampeni kakabuntha mumangochotsa n'kuikapo katsopano. Kwa munthu wokhala ku Johannesburg kapena ku Polokwane, amene sitolo ya mauta ili pafupi naye, n'zabwino kwambiri. Koma kuno ku Blantyre timipeni timeneti simungatipeze mu Limbe kapena mu Victoria Avenue. Muyenera kutuma mnzanu wobwera pa basi kuchokera ku Joni, kapena kuitanitsa kunja pa nthawi imene ndalama zakunja zikusoŵa, ndipo timipeni tikakutherani mlungu woti munyamuke, mwagwira njakata.

N'chifukwa chake mtima wanga uli pa nsonga za chitsulo chimodzi, zonoleka. Montec ya kampani ya G5 ili ndi mipeni itatu yopangidwa pamodzi ndi thupi lake, ndipo kunola kwake n'kosavuta: mumaigoneka pa mwala wosalala, mbali ziwiri n'kumanoleka nthawi imodzi. Kuthwa kwake sikufika pa lezala weniweni, koma munthu wosazoloŵera kunola saisokoneza. Za mipeni iwiri monga Magnus Stinger kapena Zwickey Eskimo zimayamba kucheka pamene nsonga yangokhudza chikopa, motero zimafuna mphamvu yochepa kuti ziloŵe. Kwa mayi, mnyamata kapena aliyense amene uta wake uli pansi pa mapaundi 55, ndiponso kwa onse oponya uta wopanda mawilo, sindiona chifukwa choyang'anira kwina. Kuipa kwake ndi kwakuti bala limakhala ngati kamzere, ndipo nthawi zina chikopa chimatsekanso magazi osatuluka okwanira. Opanga ena amawonjezera timipeni ting'onoting'ono tiwiri chopingasa pofuna kuchepetsa vutoli.

Palinso nsonga zonoledwa mbali imodzi yokha ya mpeni uliwonse, zotchedwa single bevel, monga Grizzly, zimene Ashby amazikonda. Chifukwa cha kanoledwe kameneka, nsonga imazungulira ikamaloŵa m'thupi, ndipo ikafika pa fupa imalipotokola mpaka kuling'amba m'malo mongodziphatika m'menemo. Kwa amene akulinga ntchefu kapena nyumbu, iyi ndiyo ndingamulangize. Chofunika kusamala ndi chakuti mbali imene nsonga yanoledwa igwirizane ndi mbali imene nthenga zimazunguliritsa muvi, yakumanja ndi zakumanja, yakumanzere ndi zakumanzere, apo ayi muvi umataya mphamvu posintha kazunguliridwe pamene wangogunda nyama.

Chodandaula chachikulu pa nsonga zokhazikika n'chakuti siziuluka molunjika, ndipo dandauloli lili ndi maziko. Timipeni totambasuka timagwira mphepo ngati mapiko, choncho ngati uta sunakonzedwe bwino, kapena muvi ndi wofewa mopyola kulimba kwa uta, nsonga imaukokera kumbali. Koma pamenepa nsonga ikungoulula matenda amene analipo kale, amene nsonga yotseguka imangowabisa, ndipo muvi wouluka chokhota umaloŵanso m'nyama chokhota. Mankhwala ake ndi ntchito ya Loweruka limodzi kapena awiri: kuzunguliritsa muvi uliwonse pa thebulo kuti muone ngati nsonga ikugwedezeka, kulasa nsonga yosakira ndi yophunzirira pa chandamale chimodzi, ndi kusuntha pang'onopang'ono pogonera muvi mpaka ziwirizo zikumane. Tikumbukirenso kuti kusaka kwambiri kwa ku Limpopo kumachitikira m'kanyumba ka padziwe, pa mtunda wa mamita 15 mpaka 25. Pa mtunda waufupi chotero, ubwino wa nsonga yotseguka pa kauluke ndi wochepa zedi, pamene kuipa kwake pa fupa kumakhala kuli chimodzimodzi.

Za kulemera ndinene mwachidule. Nsonga zofala kwambiri ndi za magrain 100 ndi 125, ndiye kuti magalamu 6.5 ndi 8.1, ndipo zilipo za 150 mpaka 200 ndi kupitirira. Ine ndimasankha 125 kapena 150, chifukwa chitsulo chake chimakhala chokhuthala ndipo muvi wolemera kutsogolo umaloŵa bwino, koma mukawonjezera kulemera muyenera kuonanso ngati muvi wanu ndi wolimba mokwanira. Ena amafuna kusakaniza m'phodo nsonga yotseguka ya 100 yolasira nswala ndi yokhazikika ya 150 yolasira ngoma. Mapanga awiri avumbwitsa: mivi iwiriyo siigwera pamodzi, ndipo padziwe simudziwa nyama imene iyambe kufika.

Anzanga ena afunsapo ngati amisiri a ku Ndirande sangathe kutisulira nsonga, popeza luso la zitsulo ali nalo lochuluka. Kusula mpeni wakuthwa angathe ndithu, koma nsonga zitatu ziyenera kulemera mofanana mpaka pa kagawo ka galamu, ndipo ziyenera kukhala pakati penipeni pa muvi, zomwe n'zovuta kuzikwanitsa ndi nyundo ndi tupa. Pa uta wa mawilo sindingalimbikitse zimenezo.

Kodi nsonga zotseguka ndazitayiratu? Kwa munthu wa uta wa mapaundi 65 kapena 70, wokoka motalika, wa muvi wolemera bwino, amene akupita kukalasa nswala ndi mbawala zokha, ndipo adzadikira kuti nyama iime chopingasa, nsonga yotulukira kumbuyo imugwirira ntchito. Ayambe wafunsa eni famu asanagule, chifukwa ena sazilola pa nyama zikuluzikulu, ndipo malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Koma amene pa mndandanda wake pali njiri, nyumbu, mbidzi, ngoma kapena ntchefu, atenge yokhazikika.

M'phodo langa tsopano muli nsonga za mipeni iwiri za magrain 150. Ndimagula mapaketi awiri a zitatuzitatu: ziwiri ndimazipatula kuti zikhale zoyeserera pa chandamale, zinayi ndimazinola mpaka zimete ubweya wa pamkono, ndipo sizikhudzanso kanthu kufikira tsiku losaka. Chitsulo chonoleka bwino chimachitanso dzimbiri msanga, ndipo chinyezi cha dzinja la kuno, ngakhalenso chiperoni cha mu June, chimatha kubunthitsa mpeni uli m'bokosi osagwiritsidwa ntchito. Choncho ndikatha kunola ndimapaka Vaseline pang'ono m'mphepete mwa mpeni uliwonse, ndipo usiku woti m'mawa tikaloŵa m'kanyumba ka padziwe ndimaziyesanso pamkono imodziimodzi.