Positala ya filimu yathu: ntchito yabwino, koma helikopitayi yachokera kuti?

Gulu lathu la zisudzo linajambula kafilimu ka ndewu ka mphindi 40 pa foni, ndiye tinafuna positala yokhomera pa holo. Ndinapita ku kashopu kena kosindikiza ku Limbe, kuseri kwa golosale, nditanyamula zithunzi zisanu pa fulashi.

Mnyamata wa pa kompyutayo ntchito amaidziwa, nsanje pambali. Sanafunse n'komwe kuti nkhani yake ndi yotani. Anangoti, "Achimwene, mwini filimu ndi uti?" Nditamuloza, anamuika pakati penipeni, miyendo yotang'adza, chikwanje chikuloza pansi, nkhope yosasekerera. Bwana wa zigawenga anamukweza pamwamba, chimutu chachikulu chozilala ngati mtambo wa mvula. Mtsikana wathu anamubisa kuseri kwa phewa la mwini filimu, chonsecho mufilimumo ndi iyeyo amene amagwetsa anthu awiri ndi musi. Kenako mitundu: kumunsi moto wa olenji, kumwamba buluu wakuda. Akuti mitundu iwiriyi ikakumana, khungu la munthu limaoneka patali. Ndinakayesa nditaima tsidya lina la msewu, n'zoonadi. Pansi anaikanso timalemba titalititali topyapyala tija timakhala pa mapositala a ku America, mpaka dzina la wotiphikira nsima linalowamo.

Pamene tinasemphana ndi apa. Kumwamba chakumanja kunatulukira helikopita, kumbuyo galimoto ikuphulika. Ife mufilimu monse muli njinga ya kabaza imodzi, yobwereka. Nditadandaula anaseka, n'kundionetsa pa foni mapositala a ku Ghana a m'ma 1980 ndi 1990, ojambulidwa pamanja pa matumba a ufa, pomwe ojambula ankawonjezera mfuti ndi magazi zoti mufilimu mulibe. Ndinagonja, mwina chifukwa inenso inandikomera m'maso.

Tinasindikiza zitatu za A2, masentimita 42 kwa 59. Pepala ndi lolimba, nkhope sizinasokonekere. Koma za lamineti sanandiuze, ndipo yomwe tinakhoma panja mvula itangowaza, moto uja unayenderera mpaka pa nsapato za mwini filimu. Anachedwanso tsiku limodzi, akuti magetsi.

Holo inadzaza. Titamaliza kuonetsa, kamwana kena kanandikoka malaya: "Ankolo, nanga ndege ija ili mu pati thuu?" Ndidzapitakonso, koma ulendo uno ndikakhala pambali pake mpaka atasindikiza.