And Then There Were None ya BBC: ndi yabwino, koma dikirani ana agone

Ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5. Chimbale cha DVD chomwe ndinagula chili ndi magawo atatu, lililonse lotenga pafupifupi ola limodzi. Ndi sewero lomwe BBC One inaonetsa kuyambira pa 26 mpaka pa 28 Disembala 2015, chaka chomwe ku Britain ankakumbukira kuti patha zaka 125 chibadwireni Agatha Christie, mlembi wa mabuku a nkhani za kuphana. Amene mukufuna kanema woonera uku mukuswa mtedza ndi kucheza, sakani wina. Uyu amafuna maso ndi makutu onse, ndipo akatha m'nyumba mumati zii kwa kanthawi.

Nkhani yake ndi yochokera m'buku la Christie la mu 1939. Anthu 8 osadziwana aitanidwa ku Soldier Island, kachilumba ka kufupi ndi gombe la Devon ku England, aliyense pa chifukwa chakechake: wina walonjezedwa ntchito, wina akuti akacheze ndi anzake akale. Atafika apeza antchito awiri, bambo Rogers ndi akazi awo, koma eni nyumba, banja la a Owen, kulibe. Atangomaliza chakudya chamadzulo, mawu a m'galamafoni ayamba kutchula mayina a anthu khumi onsewo mmodzimmodzi, aliyense ndi munthu yemwe anamuphetsa. Usiku womwewo mmodzi afa. Patebulo panali tiziboliboli khumi, tatsala 9. M'chipinda chilichonse mwapachikidwa kandakatulo ka ana konena za asilikali khumi omwe ankatha mmodzimmodzi, ndipo imfa iliyonse ikutsata mzere wa kandakatuloko. Bwato lomwe linawabweretsa silibweranso.

Tinaonera kunyumba ndi alamu anga, omwe bukuli analiwerenga kalekale ndipo amalikonda, komanso azakhali, omwe za Christie sanazimvepo. Mkangano womwe unabuka pakati pawo ndi womwewo unali pakati pa oonera ku Britain sewero litangotuluka: owerenga buku mbali ina, osawerenga mbali ina.

Alamu anayamba kudandaula gawo loyamba lisanathe. "Alamu, uyutu si Christie yemwe ndimamudziwa ine," anatero titamaliza kuonera, ndipo poyamba ndinkayesa akunena za kutukwana kapena za phwando la m'gawo lachitatu, pomwe otsala anayi aja amwa mowa ndi kukoka kokeni chifukwa cha mantha. Zimenezo m'bukumo mulibedi. Koma chomwe chinawawawa ndi china, ndipo pa chimenechi ndili nawo limodzi. Sarah Phelps, yemwe analemba sewerolo, anasintha milandu ya anthuwa. M'buku, General MacArthur anatumiza msilikali yemwe ankayenda ndi mkazi wake kumalo komwe ankadziwa kuti sakabwerako wamoyo. Pa kanema amuwombera yekha kumsana. M'buku, a Rogers ndi akazi awo anangomumana mankhwala mayi wokalamba yemwe ankamugwirira ntchito. Pa kanema amutsamwitsa ndi pilo. Wapolisi Blore m'buku anachitira munthu umboni wabodza, munthuyo n'kukafera kundende; pa kanema amumenya mpaka kufa m'chitokosi.

Wina anganene kuti kupha n'kupha basi. Ayi. Mphamvu yonse ya bukuli ili pakuti anthuwa anachita zinthu zomwe khoti silingazigwire. Palibe lamulo lomanga mkulu wa asilikali chifukwa chotumiza msilikali kunkhondo. Aliyense ankatha kuyenda mumsewu ali ndi ulemu wake, n'kumadziuza yekha kuti sanalakwe. N'chifukwa chake wowaitanayo anaganiza zoweruza yekha. Ukasandutsa zonsezo kukhala kuwombera ndi kutsamwitsa, anthuwa angokhala zigawenga zomwe apolisi sanazigwire, ndipo funso lovuta lija, loti kodi wongoyang'ana mnzake akufa ali ndi mlandu wanji, lachepa mphamvu. Ndikumvetsa chifukwa chake anachita zimenezi. Kanema amafuna chinthu chooneka, ndipo n'kovuta kujambula munthu akusiya kupereka mankhwala. Komabe apa ndi pomwe nyenyezi yachisanu ija inagwera.

Azakhali zonsezi analibe nazo ntchito. Iwo anagwidwa ndi Emily Brent, mayi wopemphera yemwe Miranda Richardson anamusewera mochititsa nthumanzi. Mayiyu anathamangitsa mtsikana wantchito, Beatrice Taylor, atamva kuti ndi woyembekezera, mtsikanayo n'kudzipha, koma iye sakuonapo cholakwa chilichonse. Akungoluka zoluka zake, Baibulo lili pambali. Azakhali anawomba m'manja n'kunena kuti, "Amayi awa ndawadziwa, amakhala pa benchi yakutsogolo kutchalitchi." Kuyambira pamenepo ankangodikira tsiku la mayiyu, ndipo litafika sanamve chisoni n'pang'ono pomwe. Ndinaona kuti mlandu wa Brent ndi umodzi mwa yomwe sanaisinthe kwenikweni, ndipo ndi womwe unam'fika pamtima munthu wosawerenga buku. Chimodzimodzinso wa Vera Claythorne, mphunzitsi wachitsikana yemwe analola kamnyamata komwe ankakalera, Cyril, kusambira kupita kuthanthwe lakutali akudziwa kuti sikangafike, n'cholinga choti chuma chigwere mwamuna yemwe ankamukonda. Maeve Dermody, yemwe anasewera Vera, amakunamiza bwinobwino ndi nkhope yake yofatsa. Sewero limabwerera kugombe kuja mobwerezabwereza, ulendo uliwonse n'kuwonjezera kachidutswa, mpaka umazindikira kuti munthu yemwe wakhala ukumumvera chisoni si yemwe umamuganizira. Pa zonse za m'chimbalemu, izi ndiye zinapangidwa mwaluso kwambiri.

Tsopano za mlendo wina, Philip Lombard, zomwe ine sindinathe kuzimeza bwino. Sewero litaonetsedwa, nkhani yaikulu pa Twitter ndi m'manyuzipepala a ku Britain inali ya Aidan Turner, yemwe anasewera Lombard, ataima pakhomo atangomanga thaulo m'chiuno. Chaka chomwecho anali atatchuka kale ndi sewero lina la pa kanema la Poldark, choncho akazi ambiri ankamuyembekezera. Sindikuwada, mnyamatayo ndi wooneka bwino ndipo amadziwa kusewera. Koma Lombard yemweyu mlandu wake ndi wa anthu 21 a kum'mawa kwa Africa. M'buku anawasiya m'tchire atawatengera chakudya, ndipo pofotokoza amachita kunena mopanda manyazi kuti anthu akuda imfa saiopa ngati azungu. Pa kanema anawapha chifukwa cha dayamondi. Ena onse omwe anaphedwa ali ndi mayina: Cyril, Beatrice, ana awiri omwe mlendo wina, Marston, anawagunda ndi galimoto, mayi yemwe Dr Armstrong anamuchita opaleshoni ataledzera. Anthu 21 aja alibe dzina ngakhale mmodzi, ndi nambala chabe. Wopha anthu ambiri kuposa onse ophatikiza ndi amene sewero likumuonetsa ngati mwamuna wolimba mtima, wonena zoona, woti mtsikana am'konde. Ukamaonera uli munthu wakuda, zimenezi sizingakudutse. Bukuli pomwe linkatuluka koyamba ku Britain linali ndi mutu wokhala ndi mawu onyoza anthu akuda, ndipo unasinthidwa pambuyo pake, choncho si zodabwitsa. Chondidabwitsa n'chakuti mu 2015 anali ndi mpata wowapatsa anthuwa nkhope monga anachitira ndi ena aja, koma nthawi yambiri inapita pa thaulo.

Pa kasewero, palibe wofooka. Charles Dance ngati jaji Wargrave salankhula mokweza koma chipinda chonse chimamumvera. Sam Neill ngati MacArthur ali ndi kamphindi komwe wakhala m'mbali mwa nyanja atavomereza kuti pachilumbapo palibe achokepo, ndipo nkhope yake ikuoneka ngati ya munthu yemwe watula katundu. Toby Stephens ngati Dr Armstrong amakuwa mopyola muyeso nthawi zina, koma dokotala woledzera yemwe manja akunjenjemera angatani. Anna Maxwell Martin ngati mkazi wa Rogers saoneka nthawi yaitali, koma mantha ake pa mwamuna wake amaoneka ngakhale m'mene amanyamulira mbale.

Mathero sindiulula, kupatula zomwe mutu wanena kale, zoti palibe wotsala. Sewero la pasiteji la mu 1943 ndi filimu ya mu 1945 zinafewetsa nkhani, anthu awiri n'kupulumuka atakondana. Ili silinatero, ndipo pa ichi alamu anavomera kuti achita bwino. Kusiyana kwake n'kwakuti m'buku apolisi a Scotland Yard amasowa pogwira mpaka kalata yovomera mlandu itapezeka m'botolo panyanja, pamene pa kanema wakuphayo afotokoza yekha pamaso pa munthu womaliza yemwe akumupha. Alamu akuti njira ya botolo ndiyo yokoma chifukwa imakusiya ukuzunguzika kaye. Ine ndinaona kuti ya pa kanemayi ndi yankhanza kwambiri ndipo ikugwirizana ndi m'mene sewero lonse layendera. Azakhali anali ataloza munthu wolakwika kuyambira gawo lachiwiri, ndipo mpaka pano akuti anaberedwa.

Za chimbale chenichenicho. Zithunzi ndi zokongola, makamaka za nyanja ndi matanthwe, zomwe anakajambulira ku Cornwall, koma za m'nyumba ndi zakuda kwambiri, makamaka gawo lachitatu pomwe akuyendera makandulo. Masana, dzuwa likuwala pawindo, simuona kanthu. Onerani usiku kapena tsekani makatani. Mawu nawo amatsika kwambiri anthu akamanong'onezana, kenako bingu n'kukudzidzimutsani mutakweza voliyumu. Yatsani mawu olembedwa pansi aja, chifukwa Chingerezi cha Blore ndi cha a Rogers n'chothamanga, ndipo pa galamafoni paja mayina amabwera motsatizana moti ukaphonya limodzi usokonezeka mpaka kutsogolo. Theka loyamba la gawo loyamba limayenda pang'onopang'ono, pirirani.

Ana ayi. Muli magazi, mitembo yoonekera, kudzimangirira, mankhwala osokoneza bongo ndi za kuchipinda pang'ono. Amene munataya wachibale podzipha, dziwiranitu kuti gawo lomaliza lili ndi malo ovuta kuwaonera, ndipo kamera sithawa msanga. Ngati buku muli nalo ndipo simunaliwerenge, yambani ndi bukulo, n'lalifupi. Mukatero mudzaona nokha zomwe anasintha, n'kusankha mbali pakati pa alamu anga ndi azakhali.