Chilei cha ana chokhomedwa ku Mchesi: n'chabwino pa dothi lathu, koma samalani ndi misomali

Akalipentala a ku Mchesi, mumzinda wa Lilongwe, amadziwika ndi mipando, mabedi ndi zitseko, koma mukawapempha amathanso kukhoma kanthu kokokerapo ana pabwalo pogwiritsa ntchito zidutswa za matabwa zotsala. Musanakambirane mtengo, gwirizanani kaye dzina, chifukwa pamenepa ndi pamene ambiri amasokonezana. Mukati ngolo, mmisiri amaganiza za mateyala. Wokulira kumudzi angati gareta kapena galeta, mawu ochokera ku Chipwitikizi, ndipo nayenso akunena ngolo yamateyala yomweyo. Mukati chikuku, akupangirani chokankha chokhala ndi chogwirira, chonga chophunzirira kuyenda mwana. Chopanda mateyala, chongokhwekhwereza pansi, ndi chilei, ena amalemba chileyi. Dzinali ndi la mtengo wa mphanda uja umene ng'ombe zimakoka kumidzi, utasenza pulawo kapena nkhuni. Kumaiko ozizira ana amatsetsereka nacho pa chipale chofewa. Kuno chimayenda pa dothi louma ndi pa udzu, ndiye kapangidwe kake kayenera kutengera zimenezo.

Chilei chabwino cha mwana wa zaka 3 mpaka 7 chikhale cha masentimita 80 m'litali ndi 40 m'lifupi. Chikachepa kuposa pamenepo chimagudubuzika pokhota. Pansi pamakhala mitanda iwiri ya mainchi 2x3, yosemedwa mopendeka kutsogolo kuti isakodwe pa mwala kapena pa muzu. Pamwamba pake amayala matabwa atatu kapena anayi a inchi imodzi, opalidwa bwino, ndipo kumbuyo amaika kathabwa kotsamira.

Mitanda yapansi ija ndiyo moyo wa chilei. Akalipentala ambiri amathamangira paini chifukwa ndi wofewa, sachedwa kupala. Paini ndi wabwino pokhalira, koma pansi amadyeka msanga pa dothi lofiira la Lilongwe, lomwe limauma gwa kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Uzani mmisiri kuti aike bulugama wouma. Ndi wolemera, inde, koma amapirira. Ayambe waboola asanalowetse chilichonse, apo ayi bulugama amang'ambika kapena kupinda msomali. Thabwa likhale louma ndithu. Laliwisi limapindika pakangotha milungu ingapo, chilei n'kumayenda chammbali.

Cholakwika chachikulu pa ntchito imeneyi ndi misomali. Amakhoma ya mainchi 3 kuchokera pamwamba, nsonga n'kutulukira pansi, iwo n'kungoipinda. Mtanda ukadyeka pang'ono nsonga ija imadzuka, ndipo ana athu amasewera opanda nsapato. Komanso kugwedezeka kumazula mitu ya misomali pamene mwana amakhala, kabudula n'kung'ambika, mwina ntchafu yomwe. Lipirani ndalama yowonjezera kuti amange ndi mabawuti a mamilimita 6 a mutu wobulungira, mutuwo ukhale pamwamba, nati ibisike m'kabowo kosemedwa m'kati mwa mtanda. Polandira katundu, chitembenuzeni chagada, muyendetse chikhatho pang'onopang'ono m'mitanda yonse iwiri ndi m'makona. Pamene dzanja lakodwa, abwerezepo ndi sandipepa inu muli pomwepo.

Kuti chiziterera, dulani timizere tiwiri pa chigubu chakale cha malita 20, mukhomere kunsi kwa mitanda ndi masikuluwu omira mitu. Pulasitikiyo ikatha mumangosintha, thabwa lili bwinobwino. Chigubucho chikhale cha mafuta ophikira, osati cha mankhwala a m'munda.

Chingwe ndi cha nayiloni cha mamilimita 8, chotalika mita imodzi ndi theka, cholowa m'mabowo a mitanda yonse iwiri. Chikamangidwa pa msomali umodzi pakati, chilei chimavina uku ndi uku ndipo msomaliwo suchedwa kuzuka. Musalole mfundo imene imathina yokha ikakokedwa, chifukwa ana amakonda kukoleka chingwe m'khosi.

Mmisiri angakukopeni kuti muike mabeyaringi akale a ku Biwi, chisanduke ngolo. Beyaringi ya 6204 ili ndi bowo la mamilimita 20, ndipo kunja kwake ndi mamilimita 47 okha. Kateyala kotere kamathamanga pa simenti ndi pa tala, koma pa mchenga wa m'makwalala a Chinsapo kapena Area 25 kamangotitimira, fumbi n'kulowa m'kati mpaka kuuma. Ndiye ana amapita nayo ngoloyo kumene imathamanga, kumsewu wa maminibasi ndi njinga zamoto, chonsecho ilibe mabuleki. Pa chifukwa chimenechi chokha, kwa mwana wamng'ono chilei n'choposa ngolo: wokoka akaima, nacho chimaima.

Chili ndi zovuta zake. Chimakanda kapinga ngati mmene chilei cha ng'ombe chimakumbira njira, ndipo m'matope a Januwale sichiyenda. Chiswe nacho sichichedwa, choncho madzulo chipachikeni pakhoma. Akafuna kupaka oyilo wakuda wa galimoto kuti chiswe chisadye, kanani, chifukwa amadetsa zovala ndipo si wabwino pakhungu la mwana. Vanishi kapena penti wamafuta wopaka kawiri ndi wokwanira.